Wosalakwa Aopanji?

Munthu wa m'boma la Ntcheu masiku ano alembedwa kambiri pa chaka chimodzi kupambana m'mene agogo ake adalembedwera pa moyo wao wonse. Mu 2017 Boma lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kupitirira apo, ndipo aliyense adapereka dzina lake, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu ndi maina a makolo ake, najambulidwa nkhope, nasiya zidindo za zala zake m'makina. Mu 2018 kudalamulidwa kuti nambala iliyonse ya lamya ya m'manja ilembetsedwe m'dzina la mwini wake. Mu 2020 mlimi wofuna feteleza wotsika mtengo adayamba kuonetsa chiphaso cha unzika chomwecho pa depoti. Mai wogulitsa mbatata ya kachewere pa Tsangano akalandira ndalama pa lamya, makina alemba ola, kuchuluka kwa ndalamazo ndi nambala ya wotumiza. Akapita ku chipatala, matenda ake alowa m'buku. Ndipo akafika alembi a Mtukula Pakhomo, afunsidwa za denga lake, za mbuzi zake, ndi kuti ana ake adya kangati pa tsiku.

Anthu ambiri sadera nazo nkhawa zimenezi, koma alipo ena amene mtima wao uli m'mwamba. Afunsa kuti: zonsezi zipita kuti, azisunga ndani, adzaziwerenga ndani mawa? Ndipo pamene afunsa chotere, kaya pa msika wa Lizulu kaya pa bwalo la tchalitchi itatha Misa, sipalephera kupezeka wina wowayankha ndi mau omveka anzeru ndithu: "Ngati sunalakwe, uopanji? Wobisa ndiye wakuba." Mau amenewa ayenera kuyesedwa bwino, pakuti ngati ali oona, nkhawa ya anthu aja ili yachabe, koma ngati ali onama, bodza lake ndi la mtundu woopsa, uja wofanana kwambiri ndi zoona.

Pavomerezedwe msanga kuti kuwerenga ndi kulemba anthu si tchimo. Boma losadziwa chiwerengero cha anthu ake silingathe kugawa mankhwala kapena kumanga sukulu pa malo oyenera. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 17 miliyoni m'dziko lino, ndipo oposa 650,000 mwa iwo adali a ku Ntcheu. Chiphaso chathandiza kuvumbula maina a anthu akufa ndi a anthu osabadwa konse amene akamberembere adali kudyerapo, ndipo chatsegulira mai wamasiye khomo la banki, limene kale lidali lovuta kwa munthu wopanda pasipoti. Yosefe Woyera sadakane ulendo wa ku Betelehemu pamene mfumu ya ku Roma idalamula kalembera. Eklezia nayenso ali ndi akaundula ake, ndipo kuno adayamba kalekale, pakuti ansembe a Montfort adafika pa Nzama mu 1901. Chotero funso si lakuti munthu alembedwe kapena asalembedwe. Funso ndi ili: zimene zalembedwazo nza yani?

Bafa la udzu

Wonena kuti wobisa ndiye wakuba ayambe wayenda m'mudzi mwake momwe ndi kupenyetsetsa. Kuseri kwa nyumba iliyonse, ngakhale ya mmphawi weniweni, kuli bafa la udzu. Wosamba m'menemo sali kuchimwa, ndipo mudzi wonse udziwa chimene ali kuchita; komabe mpanda ulipo, ndipo wokwapulidwa ndi mnyamata wosuzumira pa mpata wa udzu, osati wosambayo. Mlendo salowa pa khomo asanati "odi", ndipo akalandiridwa akhala pa khonde kapena pa balaza. Kuchipinda safikako, angakhale ndi mfumu imene. Mai woyembekezera salengeza pa chitsime mwezi woyamba. Khanda likhala m'chikuta kufikira mchombo utagwa. Mlandu wa mwamuna ndi mkazi wake upita kwa ankhoswe, amene akamba motsitsa mau atayamba apirikitsa ana. Ndipo munthu sasuzumira m'nkhokwe ya mnzake kuti aone chimanga chatsala chingati. Mwa zonsezi palibe chimodzi chobisidwa kaamba ka kuipa kwake. Makolo adaona kuti zinthu zina zibisidwa chifukwa nzamtengo wapatali, zina chifukwa zikali zanthete, zina chifukwa kuziika poyera kuchotsa ulemu wa mwini wake.

Muzu wa mwambo umenewu uli m'chilengedwe cha munthu. Mwala ulibe za m'kati: wouswa apeza mwala womwewo. Koma munthu ali ndi mtima, m'mene muli maganizo, mantha, manyazi ndi zolinga zimene wina sangazione pokhapokha mwini wake atazitulutsa. Kutulutsa kumeneku ndiko mphatso yaikulu imene munthu angapatse mnzake. Bwenzi lisiyana ndi wodutsa m'njira chifukwa lauzidwa zimene wodutsayo sadauzidwe, ndipo mwamuna ndi mkazi akhala thupi limodzi popatsana zimene mudzi wonse wamanidwa. Tsono munthu amene zake zonse zatengedwa iye asanapereke, watsala wopanda chopatsa. Walandidwa ndithu, ngakhale m'thumba mwake musanachoke tambala imodzi.

Palinso china. Munthu wodziwa kuti ali kupenyedwa asintha, angakhale ali wolungama. Mkamwini pamaso pa apongozi adya pang'ono, aseka mosamala, ayankha zimene ziyembekezeka. Nzaulemu zimenezo pa ola limodzi, koma ndani angapirire moyo wonse wotere, usana ndi usiku? Wopenyedwa kosalekeza aleka kufunsa funso loona, aleka kudzudzula cholakwa, aleka ngakhale kupita kumene akadapeza thandizo. Alipo odwala amene adutsa chipatala cha pafupi nalipira basi ya ku Balaka kapena ku Dedza, osati chifukwa mankhwala a kumeneko ngamphamvu, koma chifukwa pa mzere wa kwao pali maso owadziwa. Alipo enanso amene, posowa ya basiyo, sapita konse.

Mbuzi yoikiza

Aphunzitsi a za makhalidwe m'Eklezia, amene adasinkhasinkha nkhaniyi makina asanabwere, asiyanitsa zinsinsi za mitundu itatu. Chilipo chinsinsi chimene chili chotero mwa icho chokha, monga chilema chobisika cha munthu chimene wina wachiona mwangozi. Sadalonjeze kanthu, komabe chilungamo chimtseka pakamwa. Chilipo chinsinsi cholonjezedwa, chimene munthu wachimva kale, pambuyo pake nalonjeza kuti sachinena. Chachitatu, chomanga kupambana zinzakezo, ndicho choikizidwa: chimene munthu auza dokotala, mzamba, loya kapena mlangizi chifukwa afuna thandizo, pa pangano, lonenedwa kapena losanenedwa, lakuti chithere pomwepo.

Mau akuti kuikiza safuna kumasulira kwa Mngoni. Munthu aikiza mbuzi kapena ng'ombe m'khola la mnzake chifukwa kwao msipu wachepa. Wosungayo aidyetsa, apindula ndi manyowa ake, kapena apatsidwa kamwana kamodzi monga mwa pangano lao. Koma sangaigulitse pa msika wa Kampepuza, sangaiphe pa maliro a kwao, sangaibwereke kwa wachitatu mwini wake osadziwa. Ikasowa, ayenera kukanena yekha asanafunsidwe. Ndipo tsiku limene mwini wake adzati "ndadzaona mbuzi yanga", khola litsegulidwa popanda mkangano. Kukhala m'khola la wina sikusandutsa mbuzi kukhala ya wina.

Chimodzimodzi dzina, chala, matenda ndi umphawi wa munthu, pamene alowa m'kaundula wa Boma, wa kampani ya lamya, wa chipatala kapena wa parishi. Sizidagulidwe, zaikizidwa, ndipo zaikizidwa chifukwa cha ntchito imodzi yodziwika. Chimene mlimi adapereka kuti agule feteleza ndi cha feteleza. Chikapezeka mawa m'manja mwa wandale wosaka mavoti, kapena mwa wamalonda wofuna kumkongoza ndalama za katapira, mbuzi ija yagulitsidwa, ndipo kunena kuti mlimiyo sadapwetekedwe pa thupi sikuchotsa mlandu.

Ena ayesa kuti lamulo lachisanu ndi chitatu liletsa bodza lokha, kotero kuti chilichonse choona nchololedwa kuchifufuza ndi kuchinena. Iai. Kunamizira munthu ndi tchimo lina. Kuulula choona chake chobisika popanda chifukwa chokwanira ndi tchimo linanso, ndipo lachiwirili nthawi zina lipweteka koposa, popeza wolakwiridwayo alibe pokanira. Thomas Aquinas Woyera adasiyanitsanso khama lofuna kudziwa zoyenera, limene lili khalidwe labwino, ndi chidwi chosuzumira za eni, chimene adachiwerengera pa makhalidwe oipa. Ndipo pamwamba pa zonsezi pali chinsinsi cha sakramenti la Kulapa, chimene msonkhano wachinayi wa ku Lateran udachikhwimitsa mu 1215: wansembe sangaulule chimene wamva m'menemo kwa wapolisi, kwa Episkopi, ngakhale pofuna kupulumutsa moyo wake. Yohane Woyera wa ku Nepomuk adaponyedwa mu mtsinje ku Prague mu 1393, ndipo mwambo usimba kuti adafera kukana kuuza mfumu zimene mkazi wake adalapa. Taonani, mfumukaziyo siidafunsidwe kuti "ngati sunalakwe uopanji". Ngakhale wolakwa weniweni, wodzinenera yekha, ali ndi chinsinsi chosati nkugwiridwa.

Sikuti kaundula aliyense ali wopatulika chotere. Zinsinsi zina zingathe kutsegulidwa pa chifukwa chachikulu: bwalo la milandu lingafune kudziwa kumene lamya ya wopha munthu idali usiku wa imfayo, ndipo mwana wozunzidwa ayenera kupulumutsidwa ngakhale a pa banja afuna kubisa. Koma pa zotere wofuna kutsegulayo ndiye ayenera kufotokoza chifukwa chake, pamaso pa woweruza wosakondera, natsegula pokhapo pofunikapo. Apa ndiye pagona chinyengo cha mau aja. Atembenuza mlandu, naika mwini nyumba pa bwalo kuti ayankhe chifukwa chimene waikira chitseko, pamene woyenera kuyankha ndi uja wafika popanda odi. Funso lolungama si lakuti "uopanji?" koma lakuti "ufuniranji kudziwa?"

Zimene boma lino lidaona

Mau aja ali ndi chilema chinanso. Ayesa kuti wosunga kaundula ali wolungama lero, ndipo adzakhala wolungama mawa. Anthu a ku Ntcheu safuna buku lowaphunzitsa kuti sizikhala chotero nthawi zonse. Kaundula wa Boma woyamba amene midzi ino idamdziwa adali wa msonkho wa nyumba, umene Atsamunda adauyambitsa m'zaka za m'ma 1890. Pambuyo pa mlembi wowerenga nyumba padadza asilikali, ndipo wosalipira adaotcheredwa nyumba kapena kugwiridwa mkazi. Opita ku migodi ya ku Joni ndi Wenela adasiya zala zao pa pepala, ndipo ku Southern Rhodesia wopezeka wopanda chitupa adagona m'chitokosi. Nkhalamba imene ifunsa lero kuti "atilemberanji?" siili kufunsa mwa umbuli.

Dziko litakhala la chipani chimodzi mu 1966, kapepala kena kakang'ono kadasanduka mfumu ya onse. Anyamata a chipani adaima pa zipata za misika ndi pokwerera basi, ndipo wopanda khadi sadagule mchere, sadakwere, nthawi zina sadalowe ndi m'chipatala momwe. A Mboni za Yehova, amene adakana khadilo chifukwa cha chikhulupiriro chao, adaletsedwa mu 1967, ndipo pa chizunzo cha 1972 zikwizikwi adathawa m'dziko. Ambiri a iwo adakakhala m'misasa ya ku Mlangeni, kutsidya kwa malire ku Mozambique, pafupi pomwepa. Munthu angatsutsane nao pa za chiphunzitso, koma sadabe kanthu, sadaphe munthu. Kusalakwa kwao sikudawateteze, popeza osunga mndandanda wa maina ndiwo adalinso onena kuti kulakwa nchiyani. Masiku amenewo makalata adatsegulidwa m'njira, akazitape adakhala pa mowa ndi m'masukulu, ndipo anthu adaphunzira kucheuka asanalankhule.

Koma chitsanzo choyenera kukumbukiridwa koposa kuno ndi cha mwana wa boma lino, Albert Muwalo Nqumayo. Iyeyu adali mlembi wamkulu wa chipani cha Malawi Congress ndiponso nduna mu ofesi ya Pulezidenti, ndipo pamodzi ndi Focus Gwede, mkulu wa apolisi a chinsinsi a Special Branch, adali pakati penipeni pa ukonde umene udakola anthu ambiri ndi kuwatsekera ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Ngati m'Malawi mudali anthu oti akadanena kuti "ife tiopanji?", adali awiriwa. Mu 1976 adamangidwa, ndipo mu 1977 adazengedwa mlandu woukira Boma pa bwalo la milandu la makolo, kumene woimbidwa mlandu sadaloledwe kukhala ndi loya. Nanga umboni udali wotani? Mwa zina, bwalolo lidalandira makalata atatu opanda maina a olemba, ponena kuti pafuka utsi pali moto, ndipo lidamveranso mau a pa lamya amene adajambulidwa eni ake osadziwa. Muwalo adanyongedwa chaka chomwecho. Gwede adakhala zaka zoposa 15 m'ndende zomwe zija adali kutumizako anzake.

Nkhaniyi siikumbutsidwa pofuna kuweruza anthu awiriwa, pakuti chiweruzo chili ndi mwini wake, kapena pofuna kutosa zilonda za abale ao. Ikumbutsidwa chifukwa isonyeza poyera kuti khutu lobisika pa waya silidziwa mbuye wake. Limvera wolitchera monga momwe limvera wotcheredwa, ndipo mau amene munthu adanena mosalingalira kanthu amveka mwina ndithu akawerengedwa ndi mdani wake patapita chaka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene adalemba Malamulo a dziko a 1994 adali atazionera okha zimenezi, ndipo nchifukwa chake gawo 21 lipatsa munthu aliyense ufulu wa chinsinsi: asafufuzidwe pa thupi pake, m'nyumba mwake kapena pa katundu wake, ndipo makalata ake ndi zolankhula zake za pa lamya zisasokonezedwe. Chaka chomwecho cha 1994, ku Rwanda, ziphaso zolembedwapo mtundu wa munthu, zimene Atsamunda a ku Belgium adaziyambitsa m'zaka za m'ma 1930, zidawerengedwa pa zipata za m'misewu posankha woti aphedwe. Mlembi amene adazidinda zaka 60 m'mbuyomo ayenera kuti adayesa kuti ali kungolongosola mabuku.

Makina saiwala

Wina anganene kuti masiku amenewo adapita. Inde adapita, ndipo wofanizira Boma losankhidwa ndi anthu ndi ulamuliro uja anena monyanya. Koma zida za lero zipambana za nthawi ija kutalitali. Kazitape wa kale adali munthu: adatopa, adagona, adaledzera, adaiwala, ndipo pepala lake lidadyedwa ndi chiswe. Makina satopa, saiwala. Akuluakulu adati mlandu suola. Lero ngakhale chosakhala mlandu sichiola. Lamya ya m'thumba, kuti igwire, iyenera kulankhulana ndi nsanja ya pafupi, chotero kampani idziwa kuti mwini wake adagona dera la Nsipe nadzukira ku Balaka, idziwanso kuti adaimbira yani ndipo kwa mphindi zingati. Palibe amene achita kumlondola. Isimba ndi lamya yake yomwe. Facebook siilipiritsa wolowamo, koma phindu la eni ake ku America lichokera kwa amalonda ofuna kuti malonda ao aonetsedwe kwa anthu oyenera, ndipo kuti oyenerawo adziwike, zimene aliyense ayang'ana ndi kukonda ziyenera kusungidwa. Msodzi salipiritsa nsomba chifukwa cha nyambo.

Chachilendo chenicheni ndi kulumikiza. Kale buku la matenda lidali ku chipatala, la msonkho kwa DC, la ngongole kwa mwini sitolo, ndipo mabukuwo sadadziwane. Lero nambala imodzi ya chiphaso yakhala luzi limodzi lomanga lamya, banki, kaundula wa mavoti ndi wa thandizo la Boma mu mtolo umodzi. Kanthu kamodzi pakokha kaoneka kopanda vuto. Koma wodziwa kuti mai wakuti apita ku chipatala tsiku lakuti miyezi itatu iliyonse, ndi kuti atumiza ndalama kwa yani, wadziwa zimene maiyo sadauze ngakhale mai wake womubala.

Ndipo khola lililonse lili ndi mpata. Pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika bungwe la MACRA, loyang'anira za lamya ndi mawailesi, lidagula makina ounikira ntchito za makampani a lamya. Ilo lidati nga kuwerengera msonkho ndi ubwino wa ntchito, anthu adawatcha makina a ukazitape, ndipo nkhaniyo idatha zaka m'mabwalo a milandu. Mu 2018 chimodzi mwa zipangizo zolembera anthu ovota chidasowa, nkukapezeka m'sitima ya malasha ku Mozambique. Tsono mu 2024 lidayamba kugwira ntchito lamulo loteteza mbiri za anthu, lotchedwa Data Protection Act. Wolimva bwino apezamo mwambo wa kuikiza uja wovala mau a ku Nyumba ya Malamulo: wotolera anene chifukwa chake, atole zokwanira chifukwacho basi, asazigwiritse ntchito ina, azisunge mosamala, zikabedwa akanene; ndipo mwini wake ali ndi ufulu woona zimene zalembedwa za iye ndi kukonzetsa zolakwika. Ndi lamulo labwino. Woyang'anira lamuloli ndi bungwe la MACRA lomwe lija, ndipo sikulakwa kuti nalonso lipenyedwe. Koma lamulo lolembedwa m'Chingerezi ku Lilongwe silifika lokha kwa agogo a ku Kasinje. Liyenera kupeza wolinyamula.

Pakuti wofunsidwa zambiri ndi mmphawi. Mwini galimoto ndi nyumba ya malata safunsidwa ndi munthu kuti wadya kangati dzulo, kapena kuti ali ndi zofunda zingati. Wofuna thandizo ndiye avula zonse pamaso pa mlendo wonyamula kamakina. Sikuti kufunsako nkoipa: Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, wapulumutsa mabanja ambiri, ndipo ovutikitsitsa sangadziwike popanda kufunsa. Koma asanyengedwe munthu ndi mau akuti "adavomera yekha". Mai amene ana ake agona ndi njala akafunsidwa kuti "muvomera kuti tilembe?", avomera chilichonse, chivomerezo cha njala chili ngati cha munthu woyandama pa madzi osefukira amene wapatsidwa chingwe. Pamene mphamvu ya kukana ichepa, udindo wa wosungayo ukula. Umphawi womwewo ndiwo udachititsa alimi ena, m'zaka za feteleza wa AIP, kupereka ziphaso zao kwa mavenda posinthana ndi kandalama kochepa, osaganiza kuti wogwira chiphaso cha munthu wagwira dzina lake, ndipo angathe kuchita nalo zimene mwini wake adzayankhira.

Zonsezi zingamveke ngati mlandu wa Boma ndi makampani okha, koma mbuzi zambiri zoikizidwa zisowera m'makola ang'onoang'ono. Ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba amene asiya buku la manambala lotsegula pa thebulo, kapena aitana mokweza kuti "mwalandira zingati?", waonetsa wakuba poyambira, ndipo uthenga uja wonyenga wakuti "tumizani pa nambala iyi" supita kwa munthu wosadziwika konse. Mdzukulu wouzidwa nambala yachinsinsi ya agogo ake chifukwa maso ao achita chidima wasungitsidwa nkhokwe, osati wapatsidwa. Mlangizi wa za umoyo wosimba pa mowa za amene alandira mankhwala otalikitsa moyo, kalaliki wotaya mapepala a maina mpaka akakulungire zitumbuwa pa msika, onsewa ali ndi mlandu umodzi. Ndipo choipitsitsa cha masiku ano nchakuti galimoto ikagwa pa msewu wa M1, ofika poyamba atulutsa lamya asanatulutse nsalu yofunditsa ovulala, kotero kuti mai amva za imfa ya mwana wake poona chithunzi pa WhatsApp, wamthenga asanafike pa khomo ndi kukhala pansi monga mwa mwambo. Wojambulayo sadaname, koma Special Branch idafuna malipiro ndi maofesi kuti ichite zimene iye wachita ulere.

Akatekisiti, agulupa ndi atsogoleri a miphakati asayese kuti nkhaniyi yawalambalala. M'manja mwao muli maina a obatizidwa, a opereka mtulo ndi osapereka, a mabanja osadalitsidwa, a oimitsidwa masakramenti ndi zifukwa zake, ndipo kwa iwo kufika amai olira ndi anyamata ochita manyazi amene safuna kuyambira kwa bambo mfumu. Zimenezi si chinsinsi cha Kulapa, koma ndi zoikizidwa ndithu, ndipo malamulo a Eklezia, pa nambala 220, aletsa munthu aliyense kuononga mbiri yabwino ya mnzake kapena kuswa ufulu wake wosunga za m'kati mwake. Kuwerenga maina a osapereka mtulo pamaso pa mpingo wonse kungaonjeze ndalama m'mbale chaka chimenecho. Koma mai wamasiye amene dzina lake lamveka kawiri adzayamba kudwala Lamulungu lililonse. Buku la mphakati likhale m'bokosi lotseka, osati pa zenera, ndipo tsamba lake lisajambulidwe ndi kutumizidwa ku gulu la pa lamya, kumene liwerengedwa ndi anthu 80 ndi onse obwereka lamya zao.

Lidzafikanso tsiku limene mlendo wovala bwino adzaima pa khomo la katekisiti, nati kuli thandizo lili kubwera, kapena kuti atumidwa ndi bwana wakuti, ndipo afuna mndandanda wa maina ndi manambala a Akhristu onse a m'deralo. Angathe kukhala woona, angathe kukhala wonama, ndipo katekisiti alibe njira yodziwira. Amlandire mwaulemu, ampatse mpando ndi madzi, ndipo amuuze kuti mainawo ali ndi eni ake; kuti Lamulungu likudzali, atatha mapemphero, eni akewo adzakhalapo onse pa bwalo; abwere tsiku limenelo, afotokoze yekha chimene afunira mainawo, ndipo wofuna adzapereka lake ndi pakamwa pake.